Achimwene anangogwa m'dimba, tsopano ine pachifuwa sipakundipatsa mtendere

Funso: Adokotala, ndine bambo wa zaka 41, ndimakhala kufupi ndi Lizulu, ndimalima ndi kugulitsa mbatatesi. Chaka chatha achimwene anga aakulu, a zaka 52, anangogwa m'dimba akuthirira, pofika nawo kuchipatala n'kuti atatisiya kale. Anali a BP koma mankhwala ankamwa mwa apo ndi apo. Chichokereni kumaliroko pachifuwa panga pamamanga, nthawi zina pamalasa kumanzere pansi pa bere, mpweya sufika pansi, mtima umagunda ngati ng'oma makamaka usiku ndikagona, zala n'kuchita dzanzi. Ndapita kuchipatala katatu. BP anapeza 128/82, anandiyeza ndi makina a mawaya aja n'kunena kuti mtima uli bwino, anandipatsa panado ndi magineziyamu. Sizikusintha. Njinga ndinasiya, khasu ndinasiya, ngakhale za m'banja ndimaopa. Abale ena akuti n'zakumudzi. Kodi achipatala akuphonya china chake? Ndipita ngati achimwene?

Yankho: Pepani Bambo ndi imfa ya achimwene. Munthu amene munadya naye nsima dzulo lake, m'mawa n'kukamunyamula pakati pa mabedi a mbatatesi, zoterozo sizichoka m'maso msanga. Zimene mukumvazo si zongopeka ayi. Wachipatala akanena kuti "palibe vuto" amatanthauza kuti pa zimene wayeza tsiku limenelo sanapezepo choopsa. Tsoka lake ife achipatala timakonda kuthera pomwepo, poti mzere panja wafika pamtengo, ndipo wodwala amatuluka ndi panado m'manja pamodzi ndi funso lomwe analowa nalo lija.

M'kalata yanu muli mawu amene ndawerenga kawiri: mwati zimakula usiku mukagona. Palinso chimene simunanene, chomwe mukanakhala kuti muli pampando patsogolo panga ndikanayamba nacho ndisanakuikeni n'komwe chomvera pachifuwa chija. Musanasiye njinga, pamene munkakankha matumba pachitunda kupita kumsika, pachifuwa pankatani? Nanga pano mukathamangira minibasi pamsewu, ululu umabwera nthawi yomweyo kapena umadikira mpaka mutakhala phee? Pa nkhani ya mtima, kudziwa kuti ululu umabwera mukutani ndipo umatha mukatani kumatiuza zambiri kuposa makina ambiri amene anthu amawadalira.

Poti ndinu wa kudimba, tiyerekeze ndi payipi. Mtima ndi mnofu, ndipo nawonso umadya: uli ndi timitsempha take timene timaubweretsera magazi. Timitsemphati tikayamba kuchepa mkati chifukwa cha mafuta omata m'mbali mwake, zimakhala ngati payipi imene mwalowa matope. Pothirira bedi limodzi madzi amakwana bwinobwino. Tsiku limene mwafuna kuthirira dimba lonse m'pamene mumadziwa kuti payipi ija yatsekeka. Mtima wa mitsempha yochepa nawo, mwini wake akakhala pansi, magazi ochepawo amaukwanira. Akayamba kukwera chitunda, kapena kulima, kapena kuyenda mothamanga m'mphepo yozizira atangokhuta, mtima umafuna magazi ochuluka amene sangadutse, ndiye umadandaula. Kudandaula kumeneko achipatala amati angina.

Munthu wa angina ukamufunsa kuti pakupweteka m'pati, saloza ndi chala. Amaika chikhatho chonse kapena chibakera pakati pa chifuwa, n'kunena kuti pakulemera, pakufinya, ngati wina wamukhazika thumba la feteleza. Nthawi zina kulemerako kumakwera kukhosi ndi kunsagwada, kapena kutsikira m'mkono, kawirikawiri wamanzere. Akaima n'kupumula, m'mphindi zochepa zimatha. Mawa pachitunda chomwecho zimabweranso. Ululu umene umalozeka ndi nsonga ya chala, wolasa ngati singano kwa kamphindi, kapena wongokhala tsiku lonse osasintha kaya mwayenda kaya mwagona, umene umakula mukadina kapena mukapotoza thupi, nthawi zambiri suchokera m'mitsempha ya mtima. Ndiye zimene mwalembazo, kulasa pansi pa bere, usiku, muli chigonere, zikupendekera kutali ndi angina. Ndati zikupendekera, chifukwa pachifuwa panu pamafunika khutu ndi manja a munthu amene akukuonani.

Ndisanapitirire, pali zizindikiro zimene sizidikira kuti kuche, ndipo mayi akunyumba azidziwenso. Kulemera kapena kufinya pakati pa chifuwa kopitirira mphindi 15 osatha ngakhale mwapumula, makamaka ngati thukuta lozizira likutsika, nseru, kapena ululu ukufika kumkono ndi kunsagwada. Kubanika kofika polephera kumaliza chiganizo. Kukomoka, makamaka pogwira ntchito. Kutsokomola magazi. Kukamwa kupindikira mbali imodzi, mkono kapena mwendo kufooka, lilime kulemera, zomwe ndi zizindikiro za sitiroko. Zoterezi pezani galimoto kapena njinga yamoto, wina akuperekezeni kuchipatala chimene chili pafupi, musadziyendetse nokha. Pa kufinya kwa pachifuwa kuja, kutafuna asipirini wa 300 mg muli m'njira kumathandiza, pokhapokha ngati asipirini samakuwengani, mulibe zilonda za m'mimba, ndipo palibe zizindikiro za sitiroko ndatchulazo. Anthu a shuga, amayi ndi okalamba nthawi zina samva ululu weniweni, amangofooka, kutuluka thukuta ndi kubanika. Chinanso kwa amene amatsika basi yochokera ku Johannesburg pachipata cha Dedza atapinda miyendo masiku awiri: katumba wa mwendo umodzi akatupa n'kumapweteka, kenako n'kuyamba kubanika mwadzidzidzi, akhoza kukhala magazi oundana amene athawira kumapapo. Limenelonso n'la tsiku lomwelo.

Tsopano za makina a mawaya aja. Dzina lake ndi ECG, ndipo amajambula magetsi a mtima kwa masekondi ochepa okha. Amaonetsa ngati mtima ukugunda mosalongosoka, ngati unavulalapo kale, kapena ngati wakhuthala chifukwa cha BP ya zaka zambiri. ECG yabwino ndi nkhani yabwino ndithu, koma siona zonse: munthu wa angina akhoza kukhala ndi ECG yoyera atagona pabedi. Zitseko za mkati mwa mtima ndi mphamvu imene ukupopa nayo zimaoneka bwino ndi sikani ya mtima imene amati echo, yofanana ndi ija amaunikira amayi oyembekezera. Si aliyense wofunika echo. Wachipatala akamva phokoso lachilendo mumtima, akaona miyendo yotupa, kapena mtima waukulu pa ekisire, m'pamene amakutumizani, ndipo ngati pachipatala cha boma cha Dedza kapena cha Ntcheu sizikutheka tsiku limenelo, kalata yake imalozera ku Kamuzu Central ku Lilongwe kapena ku Queens ku Blantyre.

Mukamawerenga za mtima pa intaneti mumakumana kwambiri ndi nkhani za kutsekeka kwa mitsempha, chifukwa ndiyo nthenda yaikulu kumaiko olemera. Kuno ikuwonjezeka, koma odwala mtima amene amadzaza mabedi athu ambiri ndi a mtima wotopa. Ena unatopa ndi BP yosasamalidwa. Ena zitseko za mtima zinawonongeka ali ana, atadwala zilonda zapakhosi zimene sizinachizidwe ndi penisilini, n'kudzaonekera atakula. Amenewa ndi aja amabayitsa jakisoni mwezi uliwonse. Ena ndi amayi amene mtima umafooka chakumapeto kwa mimba kapena miyezi yoyamba atachira. Ena ndi TB imene yaika madzi m'kathumba kokuta mtima. Mtima wotopa uli ndi chilankhulo chake. Mapazi amatupa madzulo mpaka chala kusiya dzenje mukadina. Munthu amalephera kugona chathyathyathya, amasanja mapilo kapena kugona chokhala. Amadzidzimuka pakati pa usiku akubanika, n'kukhala tsonga kuti mpweya ubwere. Mtunda umene ankayenda bwinobwino chaka chatha, pano amaima kawiri. Ngati china mwa izi chilipo, kanenani momwemo mukabwerera kuchipatala. M'kalata yanu sindinachionemo.

Pachifuwa si pa mtima pokha. Pali nthiti ndi minofu yake, pali mapapo, pali kummero kumene kumadutsa chakudya, ndipo zonsezi zikadandaula timangoti "mtima". Magineziyamu anakupatsaniyo ndi wa chilungulira. Asidi wa m'mimba akabwerera kummero amawotcha kuseri kwa fupa la pachifuwa, amatha kufinya mofanana kwambiri ndi mtima, ndipo amakonda nthawi yomwe mwatchulayo, munthu atagona. Taganizani mmene ambiri timadyera: tsiku lonse pamsika ndi tiyi ndi chipisi cha pachiwaya, usiku nsima yambiri ndi tsabola, kutsuka m'manja n'kulunjika pamphasa. Yesani kudya maola atatu musanagone, kwezani kumutu kwa bedi ndi njerwa, chepetsani tsabola, mafuta ndi mowa. Mapiritsi a ululu monga brufen, diclofenac ndi indocid, amene anthu amagula pagolosale n'kumamwa ngati mtedza, amakanda m'mimba. Magineziyamu amaziziritsa kwa kanthawi kochepa. Omeprazole womwa m'mawa musanadye, kwa milungu ingapo, ndiye amaonetsa bwino ngati gwero lili asidi. Chimbudzi chikada bii ngati phula, kapena chakudya chikamakakamira pomeza, limenelo si la kudikira.

Nthiti nazo zimatupa polumikizira fupa la pachifuwa, makamaka kwa anthu osenza matumba, ndipo mukadina pamalopo ululu womwewo umabwera. Magazi akachepa, kaya chifukwa cha malungo, njoka za m'mimba kapena zilonda zotaya magazi mobisa, mtima umathamanga ndipo munthu amachita befu pa ntchito yaing'ono. Kwa bambo, mlingo wa magazi ukatsika pansi pa 13 timafufuza chifukwa chake. Chifuwa cha milungu iwiri, thukuta la usiku, kutentha thupi ndi kuwonda, n'zofunika kupereka makhololo kuti ayeze TB, ndipo m'zipatala za boma n'zaulere. Mphumu imalira ngati kamluzu m'chifuwa, imakonda m'bandakucha, fumbi, utsi ndi kuzizira. Chithokomiro chikamagwira ntchito mopitirira chimathamangitsa mtima, kunjenjemeretsa manja ndi kuwondetsa munthu amene akudya bwino.

Chimodzi ndichitchule pachokha chifukwa cha kwathu kuno. Dedza boma ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo kuzizira kwa Juni ndi Julaye kuyambira ku Bembeke, Lizulu mpaka ku Tsangano mukukudziwa nokha. Anthu amalowetsa mbaula ya makala kuchipinda n'kutseka zitseko ndi mawindo. Makala amatulutsa mpweya wakupha wopanda fungo kapena mtundu, umene umalanda malo a mpweya wabwino m'magazi. Woyamba ndi mutu, kenako chizungulire, nseru, mtima kuthamanga ndi kubanika, ndipo ena sadzukanso. Ngati zanuzi zimakula usiku umene mbaula yagona m'nyumba, makamaka ngati mayi ndi ana nawonso amadzuka ndi mutu, mbaulayo ituluke lero lomwe.

Tifike pa chimene ndikuchiganizira kwambiri pa inu. Zonsezi zinayamba mutachoka kumanda. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo mutu wanu unawagwira mawu amenewa zolimba. Mantha sathera m'maganizo mokha, amatsikira m'thupi. Mukakumana ndi fisi panjira usiku, tizigawo tokhala pamwamba pa impso timathira m'magazi timadzi totchedwa adrenaline. Mtima umathamanga, minofu imakungika, kupuma kumafulumira, thukuta limatuluka, kuti muthawe. Zimenezi n'zabwino fisi akakhalapo. Kwa anthu ena, makamaka ataona imfa yadzidzidzi, belu limeneli limayamba kulira lokha popanda fisi. Zimakwera mofulumira, zimafika pachimake pa mphindi 10 kapena kucheperapo, munthu amatsimikiza kuti akufa, kenako zimatsika n'kumusiya wolefuka ngati walima tsiku lonse. Achipatala amati panic attack. Ndi nthenda yodziwika, ili ndi chithandizo chake, ndipo si misala.

Dzanzi la m'zala mwatchulalo ndi mboni yabwino. Munthu wamantha amapuma mofulumira kapena mozama kuposa mmene thupi likufunira, nthawi zambiri osadziwa. Akatero amataya mpweya wa carbon dioxide wochuluka, magazi amasintha pang'ono, mitsempha yopita kuubongo imafinyika. Zotsatira zake ndi chizungulire, dzanzi m'zala ndi kuzungulira milomo, nthawi zina zala kuuma n'kupindika. Chodabwitsa n'chakuti munthuyo amamva ngati mpweya ukumuchepera, ndiye amakokanso wina, n'kuwonjezera vuto. Aja amati "mpweya sufika pansi", omangousa moyo ndi kuyasamula kuti akhutire, ukawaika kachipangizo ka pachala kaja umapeza mpweya m'magazi uli 97 kapena 98, kutanthauza kuti ndi wokwanira. Kubanika kwa mtima wodwala kumakula munthu akamayenda. Kubanika kwa mantha kumakonda munthu atakhala, ndipo kawirikawiri kumaiwalika akatanganidwa ndi kasitomala wovuta pamtengo.

Nanga bwanji usiku? Masana msika uli ndi phokoso. Usiku kuli zii, khutu lonse limatembenukira mkati. Mukagonera kumanzere nsonga ya mtima imayandikira nthiti, ndiye kugunda kumamveka ngakhale kwa munthu wabwinobwino. Mtima wa aliyense nthawi zina umaponya kugunda kumodzi msanga, n'kuima pang'ono, kenako n'kugunda mwamphamvu. Tiyi wambiri, khofi, zakumwa zopatsa mphamvu zija za m'mabotolo, fodya, kachasu ndi kusagona zimachulukitsa zimenezi. Kale simunkazimva chifukwa simunkamvetsera. Pano mwasanduka mlonda wa mtima wanu. Mwamva kugunda kumodzi kwachilendo, mwaganiza za achimwene, adrenaline yatsika, mtima wathamangadi, ndipo mwati "si izi nanga". Ndikukhulupirira kuti mumadinanso pansi pa bere kangapo patsiku kuona ngati pakupwetekabe. Malo alionse m'thupi mukamawadina kakhumi patsiku amayamba kupweteka.

Kusiya njinga ndi khasu ndi kumene kwandidandaulitsa kwambiri. Thupi limene linazolowera ntchito likakhala milungu ingapo, mphamvu zimatsika. Tsiku limene mwayesa kuyenda mofulumira mumachita befu msanga kuposa kale, ndipo mantha amati mtima wafookadi, chonsecho ndi kukhala kuja. Ndaona abambo amphamvu zawo atafika pomaopa kupita kuchigayo chifukwa cha msampha umenewu.

Nazi zoti muchite. Gulani kope la mwana wasukulu, kwa milungu iwiri muzilemba nthawi iliyonse zikabwera: inali nthawi yanji, munkatani, munadya chiyani, munkaganiza chiyani, zinatenga mphindi zingati, zinatha bwanji. Kenako bwererani kuchipatala kamodzi, koma ulendo wokonzekera, mutatenga kopelo ndi buku lanu la kuchipatala. Musangoti "mtima ukundipweteka", chifukwa mawu amenewa kwathu kuno amanyamula zonse, kuyambira chilungulira mpaka chisoni. Nenani kuti: achimwene anamwalira mwadzidzidzi ali ndi zaka 52, zanga zinayamba pambuyo pake, zimabwera motere. Pemphani kuti akumvereni mtima ndi mapapo, ayeze mlingo wa magazi, shuga, HIV ngati papita nthawi, ndi ekisire ya pachifuwa ngati akuona kuti n'koyenera. Ndipo funsani mafunso awiri musanatuluke: mwayeza chiyani, ndipo n'chiyani chimene chikadzachitika ndibwerenso msanga? Safunsa anadya phula. Ngati ulendo wavuta, a Chipatala Cha Pa Foni amatha kukulangizani kumene mungayambire.

Zimenezi zikatuluka bwino, gawo lovuta ndi lotsatira: kulekeza pomwepo. Kuyezetsa kachisanu, kachisanu ndi chimodzi, chipatala ichi mawa icho, kumatonthoza masiku awiri, kenako mantha amabwera ndi funso latsopano. Kugwira mtsempha wa padzanja n'kumawerenga usiku kulekeni. Dziwani chabe kuti mtima wa munthu wamkulu atapumula umagunda pakati pa 60 ndi 100 pa mphindi, ndipo ukakwera poyenda kapena pochita mantha ukugwira ntchito yake.

Zikakugwirani, khalani pansi, dzanja limodzi pamimba. Kokani mpweya ndi mphuno pang'onopang'ono mukuwerenga mpaka 4, mimba ikwere osati mapewa, kenako tulutsani pakamwa ngati mukuuzira phala la mwana, mpaka 6. Chofunika kwambiri ndi kutulutsako. Musapumire m'jumbo monga ena amalangizira. Muziyeserera kawiri patsiku muli bwinobwino, mphindi zisanu, chifukwa luso limene simunaliphunzire pamtendere silibwera pankhondo. Ndipo musathawe pamalopo. Mukakhala mpaka zitatsika zokha, thupi limaphunzira kuti belu lija linalira pachabe. Ulendo woyamba n'kovuta, wachisanu n'kosavutirapo.

Achipatala akakulolani, bwererani kuntchito mwa masitepe. Sabata yoyamba yendani mphindi 10 pamalo athyathyathya tsiku lililonse. Yachiwiri mphindi 20. Kenako kachitunda, kenako njinga yopanda katundu, kenako thumba limodzi. Mtima udzathamanga, mudzachita befu, zimenezo n'zoyenera. Chimene mukuyang'anira ndi kufinya kwa pakati pa chifuwa kumene kumabwera pachitunda n'kutha mukaima. Kukabwera koteroko, imani, kanenani kuchipatala, chifukwa nkhani yasintha. Kukapanda kubwera, ndiye kuti chitunda chakuyankhani funso limene ECG sinathe kukuyankhani. Za m'banja nazo sizilemetsa mtima kuposa kukwera kachitunda mofulumira. Amene akukwera popanda ululu alibe chifukwa choopera. Mayi akunyumba auzeni chimene chikuchitika, chifukwa bambo akangotembenukira kukhoma osanena kanthu, mkazi amaganiza zina, ndipo pamabuka mlandu wina pamwamba pa matenda. Mapiritsi owonjezera mphamvu za abambo ogula pamsika asiyeni. Akakumana ndi mankhwala ena a mtima amagwetsa BP moopsa.

Ngati papita mwezi mukuchita zonsezi koma mantha sakutsika, tulo kulibe, chakudya sichikoma, kapena mwayamba kuganiza kuti bola kungofa, pemphani kuonana ndi anamwino kapena akilinikala a za matenda a maganizo pachipatala cha boma. Kupita kumeneko sikutanthauza ulendo wa ku Zomba. Amakambirana nanu, amakuphunzitsani njira zothetsera msampha ndafotokozawu, ndipo pakafunika pali mankhwala monga fluoxetine amene amayamba kugwira pakatha milungu ingapo. Valium wogula mwamseri amagonetsa lero, koma amazolowereka msanga ndipo kumusiya kumavuta. Mowa nawo umatonthoza usiku, m'mawa mantha amabwera atawirikiza.

Za kumudzi zija sindilimbana ndi abale anu, akunena chifukwa akukufunirani moyo. Pemphero, kucheza ndi abusa kapena akulu ampingo, kukhala pansi ndi amalume n'kulira maliro amene mwina simunalire bwino poti munali otanganidwa ndi bokosi ndi chakudya cha anthu, zonsezi zimachiritsa mbali imene panado safika. Chimene ndikukanizani ndi zitatu: kutemedwa mphini pachifuwa ndi lezala limene latema ena, kumwa zitsamba za mlingo wosadziwika zimene zimatha kuwononga impso ndi chiwindi, ndi kuloza chala munthu. Ndaona mabanja atapasuka chifukwa cha imfa imene gwero lake linali mapiritsi a BP osiyidwa pawindo.

Ndipo apa m'pamene mantha anu ali ndi ntchito yabwino yoti agwire. Munthu wa BP womwa mankhwala modumphadumpha akagwa mwadzidzidzi, kawirikawiri umakhala mtsempha wa muubongo umene waphulika kapena kutsekeka, kapena mtima umene unalemedwa kwa zaka. BP siipweteka. Kafukufuku wa STEPS wa 2009 anapeza kuti pafupifupi Mmalawi mmodzi mwa atatu a zaka 25 mpaka 64 anali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka zedi sankadziwa. Yanu ya 128/82 ili pansi pa 140/90 pamene timayambira kunena kuti yakwera, koma poti ili m'magazi a kwanu, muziyezetsa miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, mutakhala pansi mphindi 5, osati mutangotsika panjinga. Mchere wa tsiku lonse usapitirire magalamu 5, kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera ndi wa mundiwo, wa pachipisi ndi wa pakanyenya. Ngati mumasuta, kaya ndudu kaya chingambwe, palibe chimene mungachitire mtima wanu choposa kusiya.

Azichemwali ndi azichimwene otsala, pamodzi ndi ana aakulu a malemu, apite nawonso akayezetse BP ndi shuga. Ngati m'banja mwanu munagwapo wina mwadzidzidzi asanafike zaka 40, kapena alipo amene amakomoka akamathamanga, kanenani zimenezo, chifukwa zimasintha zoyeza. Ndipo ngati alamu anu anasunga buku la kuchipatala la achimwene, kalipempheni mwaulemu mupite nalo pa ulendo ukubwerawu. Manambala a BP amene analembedwamo, ndi masiku amene sanapite kukatenga mankhwala, wachipatala akawaona pamodzi ndi anu adzatha kukuonetsani pamene njira yanu ikusiyana ndi yawo.